George Winston ndi dzina la "new age" limene iye sankalifuna

Funso: Ndimayimba kiyibodi kutchalitchi kwathu, ndipo mnzanga wina adanditumizira nyimbo za piyano za munthu wotchedwa George Winston, zochokera m'chimbale chake chotchedwa December. Ndidazikonda kwambiri moti ndikufuna kuphunzira kayimbidwe kake, koma mkulu wina wa mpingo wandichenjeza kuti nyimbo za "new age" zimayendera limodzi ndi chipembedzo chachilendo. Kodi Winston anali ndani, adaphunzira kuti luso lakeli, nanga nyimbo zakezi n'zachipembedzodi? Ndine bambo wa ku Zomba.

Yankho: Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyambe ndi chimene chakuvutitsani mumtima. Mkulu wa mpingo wanuyo sadaname ponena kuti liwu lakuti "new age" lilinso ndi tanthauzo la zauzimu, popeza m'zaka za m'ma 1970 ku America ndi ku Ulaya kudabuka gulu la anthu otsata zikhulupiriro zosakanizasakaniza, zokhudza nyenyezi, kusinkhasinkha ndi machiritso, ndipo gululi linkadziwika ndi dzina limeneli. Koma George Winston sadalembe nyimbo zake kuti zitumikire gululo, ndipo kwa zaka zonse za ntchito yake ankakana kutchedwa woyimba wa "new age". Iye ankati kayimbidwe kake ndi "folk piano", kutanthauza piyano yoyimbidwa mosavuta kumva ngati nyimbo za anthu akumudzi. Chimbale chimene mwachikondacho chili ndi nyimbo zingapo zakalekale za Khirisimasi zimene Akhristu a ku Ulaya akhala akuyimba kwa mibadwo yambiri, choncho ngati muli chipembedzo m'chimbalecho, ndi chomwecho chimene inu mumachidziwa kale.

Dzinali lidamumata chifukwa cha malonda. M'zaka za m'ma 1980 masitolo ogulitsa zimbale ku America ankasanja katundu wawo potsata mtundu wa nyimbo, ndipo nyimbo za zida zokhazokha, zofatsa, zimene sizinali jazz komanso sizinali classical, zidasowa poziika. Ogulitsa adaziunjika pamodzi pa shelefu imodzi n'kulembapo kuti "new age", ndipo pamenepo padakumana anthu osiyana kotheratu: ena oyimba ndi makina amagetsi pofuna kuthandiza anthu kusinkhasinkha, ena oyimba gitala wamba, ena oyimba piyano monga Liz Story, David Lanz ndi Winston. Mu 1987 okonza mphoto za Grammy, mphoto zazikulu za oyimba ku America, adakhazikitsa gawo la nyimbo za mtunduwu, ndipo kuyambira pamenepo dzinali lidakhazikika moti woyimba sakadathanso kulichotsa ngakhale atakana motani.

George Winston adabadwa pa 11 February 1949 ku Hart, m'chigawo cha Michigan, koma ubwana wake wambiri adauthera ku Montana, m'matauni a Miles City ndi Billings, banja lawo lisadasamukire ku Mississippi kenaka ku Florida. Montana ndiye chinsinsi cha pafupifupi chilichonse chimene mudzamve m'nyimbo zake, ndiye ndiloleni ndichedwepo pang'ono. Chigawochi n'chachikulu kuposa Malawi katatu, komabe anthu ake angopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Kum'mawa kwake, kumene kuli Miles City m'mbali mwa mtsinje wa Yellowstone, ndi dziko la zidikha za udzu ndi ng'ombe, kumene munthu amatha kuyenda mtunda wautali osaona nyumba, maso akungoona thambo ndi udzu basi. Kumeneko chaka chimagawika momveka bwino m'nyengo zinayi: nyengo yozizira koopsa imene madzi amauma ndipo nthaka imakutidwa ndi chipale, nyengo imene zomera zimaphukanso, nyengo yotentha, ndi nyengo imene masamba amafiira n'kuyoyoka. Mwana wokulira m'dziko lotere amadziwa nthawi poona kuwala kwa dzuwa ndi mtundu wa udzu, monga mmene mlimi wakwathu amadziwira kuti mvula yayandikira poona mitengo ikuphuka masamba atsopano kukadali kouma. Winston ankanena kawirikawiri kuti nyengo za ku Montana ndizo gwero lalikulu la nyimbo zake, ndipo mayina a zimbale zake akuchitira umboni: Autumn, Winter into Spring, December, Summer, Forest, Plains, mpaka china chimene adachitcha dzina la Montana lenilenilo mu 2004.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene dziko lidamudziwa ndi nyimbo zofatsa sadayambire ku nyimbo zofatsa, ndipo sadayambirenso pa piyano. Ali mnyamata ankakonda nyimbo za zida zokha za rock ndi rhythm and blues zimene zinkamveka pa wailesi, ndipo mu 1967, chaka chimene adamaliza sekondale ku Coral Gables ku Florida, adamva gulu la The Doors, limene limba lake lamagetsi (organ) ankaliza Ray Manzarek. Limba limeneli ndilo lidamukopa kuti ayambe kuyimba. Adalowa pa yunivesite ya Stetson ku DeLand, kumene ankaphunzira za chikhalidwe cha anthu, koma sadamalize maphunzirowo. Mu 1971 adamva zimbale zakale za Fats Waller, katswiri wa piyano wa ku New York amene adamwalira mu 1943, ndipo atamva kuti munthu mmodzi ndi manja ake awiri angathe kumveka ngati gulu lathunthu, adasiya limba n'kutembenukira ku piyano yoyimba yekha popanda womuthandiza. Funso lanu lakuti adaphunzira kuti lili ndi yankho limene lingakulimbikitseni: sadadutse m'sukulu zapamwamba zophunzitsa nyimbo za classical, koma gawo lalikulu la luso lake adalitola pomvetsera zimbale za akatswiri akale mobwerezabwereza ndi kuyeserera kwa zaka zambiri.

Kayimbidwe ka Waller kamatchedwa stride, ndipo poti ndinu woyimba kiyibodi muyenera kukamvetsa. Dzanja lamanzere limagunda liwu limodzi la besi kumunsi kwenikweni, kenaka limalumpha kukagwira makiyi atatu kapena anayi pamodzi chapakati pa piyano, n'kubwereranso kumunsi, n'kulumphanso, mosalekeza ndiponso mothamanga, pamene dzanja lamanja likuyimba nyimbo yeniyeniyo ndi zokometsera zake. Dzanja lamanzerelo limagwira ntchito ya woyimba besi ndi woyimba ng'oma nthawi imodzi. Ndi kayimbidwe kovuta zedi, ndipo amene wakadziwa amakhala ndi dzanja lamanzere losagwedezeka, lodziyimira palokha. Mukamamvetsera December mosamala mudzapeza kuti ngakhale nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono, dzanja lamanzere silitaya nthawi ngakhale pang'ono, ndipo kukhazikika kumeneku kudachokera kwa Waller ndi anzake monga Teddy Wilson.

Chimbale chake choyamba adachijambula mu 1972 pansi pa kampani yaing'ono ya Takoma, ya woyimba gitala John Fahey, ndipo chidatuluka ndi dzina lakuti Piano Solos. Sichidayende malonda. Patapita zaka zochepa Winston adagwa ulesi, makamaka poona kuti sangafike pamene Waller adafika, ndipo cha mu 1977 adasiyiratu kuyimba piyano. Chimene chidamubweza mu 1979 ndi nyimbo za Professor Longhair wa ku New Orleans, amene dzina lake lenileni linali Henry Roeland Byrd, munthu amene ankasakaniza blues ndi kagundidwe ka rumba ya kuzilumba za Caribbean. Kuchokera apo Winston adadzipereka kuphunzira akatswiri a piyano a mumzindawo, makamaka James Booker ndi Henry Butler, ndipo mpaka ukalamba wake nthawi yambiri yoyeserera ankaithera pa nyimbo za ku New Orleans, osati pa nyimbo zofatsa zimene zinkamudyetsa. Nyimbo zofatsazo adazipanga poyamba ngati zopumulirapo pakati pa nyimbo zothamanga za stride, kuti khutu la womvera lisatope. Zimene iye ankaziona ngati ndiwo zapambali ndizo zidasanduka nsima.

M'chaka chomwecho cha 1979 adalumikizana ndi William Ackerman, woyimba gitala amene ankagwiranso ntchito yomanga nyumba, yemwe adayambitsa kampani ya Windham Hill ku California mu 1976 pamodzi ndi Anne Robinson. Kampaniyi inali yaing'ono ndipo inkatulutsa makamaka zimbale za gitala, koma inkasamala kwambiri kajambulidwe, kuti chida chimveke ngati chili m'chipinda momwe womvera wakhala, ndiponso inkaika zithunzi zokongola za chilengedwe pa zikuto za zimbale. Autumn idatuluka mu 1980, ndipo mu 1982 mudatuluka zimbale ziwiri, Winter into Spring ndi December. Zonse zitatu zidagulidwa makope opitirira miliyoni imodzi chilichonse ku America, ndipo December yokha idapitirira mamiliyoni atatu, chinthu chosayembekezeka kwa chimbale cha munthu mmodzi woyimba piyano popanda mawu, popanda ng'oma, m'nyengo imene wailesi zidadzaza ndi nyimbo za makina amagetsi. Zimbale zimenezi ndizo zidakweza Windham Hill kuchoka pa kampani ya m'khonde kufika pa kampani yodziwika dziko lonse la America, ndipo makampani ena ataona ndalama zake adayamba kusaka oyimba piyano awoawo. Moyo wake wonse Winston adagulitsa zimbale pafupifupi mamiliyoni 15.

Tsopano ndifike pa kayimbidwe kamene mukufuna kuphunzirako. Mbali yoyamba ndi kubwereza. Dzanja lamanzere limatenga kachidutswa kakafupi, mwina mawu anayi kapena asanu ndi atatu, n'kumakabwereza kwa nthawi yaitali, pamene dzanja lamanja likusintha pang'onopang'ono pamwamba pake. Khutu lozolowera mangolongondo kapena kalimba silingadabwe nazo zimenezi, chifukwa nalonso limadziwa kuti kukoma kwa nyimbo yobwereza kuli m'tizisintho ting'onoting'ono timene timabwera munthu atayamba kuzolowera. Mbali yachiwiri ndi chopondera chakumanja, chimene chimachotsa zotsekera pa nsambo kuti mawu apitirize kulira ngakhale chala chitachoka. Winston ankalola mawu kulira mpaka kuzimirira okha, ndipo mpata umene uli pakati pa liwu limodzi ndi linzake ankautenga ngati gawo la nyimbo. Mawu a kumtunda kwa piyano ankawagunda mwamphamvu ndithu kuti alire ngati mabelu, zimene anthu ambiri omutsanzira amaphonya poganiza kuti nyimbo yofatsa iyenera kugundidwa mofooka. Nthawi zina ankapisa dzanja m'kati mwa piyano n'kugwira nsambo kuti zisalire kwambiri, dzanja linalo likugunda makiyi, ndipo pamenepo piyano inkamveka ngati chida chokodola ndi zala. Ichi pa kiyibodi yamagetsi simungachichite, koma zinazo n'zotheka ngati kiyibodi yanu imamva kulemera kwa chala ndiponso ngati muli ndi chopondera.

Malo abwino oyambira ndi nyimbo ya m'chimbale chomwecho imene adaimanga pa Canon ya Johann Pachelbel, Mjeremani amene adamwalira mu 1706. Pachelbel adailemba mu D, koma Winston adaiyimba mu C, ndipo maziko ake ndi makodi asanu ndi atatu obwerezedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza: C, G, A minor, E minor, F, C, F, G. Woyimba wa kutchalitchi aliyense makodi amenewa amawadziwa. Chimene muyenera kumvetsera ndi mmene iye amayambira ndi mawu ochepa kwambiri, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka dzanja lamanja litadzaza, osathamangitsa nthawi ngakhale nyimbo ikukula.

Si onse amene adamuyamikira, ndipo n'koyenera kuti mudziwe zimene otsutsa ankanena. Olemba za nyimbo ambiri, makamaka a jazz, ankati nyimbo zake n'zopepuka, zongoyenera kumveka chapansipansi m'chipinda chodikirira dokotala, zopanda makodi ovuta ndiponso zosapita kulikonse. Maganizo anga ndi akuti chidzudzulochi chikuyenera ambiri mwa amene adamutsatira, amene adatola kufatsa kokha n'kusiya msana wa nyimbo, koma kwa Winston mwiniwake chikuphonya. N'zoona kuti si nyimbo yake iliyonse imene ili yolimba, ndipo m'zimbale zina muli zidutswa zimene zimatalika kuposa mfundo imene zanyamula. Koma munthu amene angathe kuyimba stride mothamanga, n'kusankha dala kuyimba mawu ochepa, sangafanane ndi munthu amene amayimba mawu ochepa chifukwa ndi okhawo amene angathe. Kusiyanako kumamveka pa kasungidwe ka nthawi ndi pa kulemera kwa liwu lililonse.

Mphoto ya Grammy adailandira mu 1996 chifukwa cha chimbale cha Forest chimene chidatuluka mu 1994, ndipo mphotoyo inali ya m'gawo lomwe lija la "new age" limene ankalikana. Atatchuka sadalimbikire kudzikweza ngati wopeka nyimbo, koma adathera mphamvu zambiri pobweza ulemu kwa amene adamuphunzitsa kudzera m'zimbale. Mu 1996 adatulutsa chimbale cha nyimbo za Vince Guaraldi, woyimba jazz wa ku San Francisco amene adalemba nyimbo za makatuni a Peanuts a pa kanema, ndipo mu 2002 adatulutsa china cha nyimbo za The Doors zoyimbidwa pa piyano yokha, kubwerera kumene adayambira zaka 35 m'mbuyomo.

Ntchito ina imene anthu omvera December okha saidziwa, koma imene mwina idzakhalitsa kuposa zimbale zake zina, ndi ya ku Hawaii. Kuzilumbazo kuli kayimbidwe ka gitala kotchedwa slack key, kamene woyimba amamasula nsambo zina kuti gitala ikakodoledwa yosagwira paliponse izitulutsa kodi yathunthu, ndipo chala chachikulu chimayimba besi pamene zala zinazo zikuyimba nyimbo. Machunidwe ake ambiri anali chuma cha m'banja, chophunzitsana pakati pa makolo ndi ana, moti akuluakulu akamamwalira ankapita nawo. Winston adayambitsa kampani yakeyake ya Dancing Cat mu 1983, ndipo kudzera m'kampaniyi adajambula zimbale zambiri za akatswiri monga Ray Kane, Sonny Chillingworth, Keola Beamer, Ledward Kaapana ndi Cyril Pahinui, aliyense akuyimba payekha kuti luso lake limveke bwinobwino. Akuluakulu akwathu amene akukumbukira gitala ya hauyani, ija yoyimbidwa potsetsereza botolo kapena kachitsulo pa nsambo, adziwe kuti dzinalo lidachokera ku Hawaii komweko, ngakhale kuti hauyani ndi mbale wake wa kayimbidwe kena ka kuzilumbazo, kotsetsereza chitsulo, osati slack key yokodola ndi zala. Winston nayenso ankayimba gitala, ndipo ankalizanso hamonika, kachida kouzira pakamwa kaja, m'maphwando ake a nyimbo.

Pa nsanja sankaoneka ngati munthu wogulitsa zimbale mamiliyoni. Ankatulukira atavala malaya wamba ndi jinzi, kumapazi kuli masokosi okha opanda nsapato, chifukwa ankafuna kuti phazi lake lisamveke likamagunda pansi ndiponso kuti alamulire bwino chopondera, ndipo anthu ena omuona koyamba ankayesa kuti ndi wantchito wodzakonza piyano. Anali ndi madongosolo awiri a nyimbo, lina la nyengo yotentha ndi lina la nyengo yozizira, ndipo ankayendera ngakhale matauni ang'onoang'ono amene oyimba otchuka sapitako. Kulikonse kumene ankayimba ankapempha anthu kubwera ndi chakudya cha m'zitini choti chiperekedwe ku mabungwe a m'deralo odyetsa osowa, ndipo ndalama za zimbale zogulitsidwa pakhomo zinkapitanso komweko. Adajambulanso zimbale zimene phindu lake lidapita kwa ovutika: china mu 2001 chothandiza mabanja okhudzidwa ndi chiwembu cha zigawenga cha pa 11 September ku America, ndi china mu 2006 chothandiza anthu a ku New Orleans ndi madera oyandikana nawo amene adasakazidwa ndi namondwe wa Katrina mu 2005. Kwa iye New Orleans sunali mzinda wachilendo, popeza ndiko kudachokera nyimbo zimene zidamubwezera pa piyano.

Inu bambo, ngati mukufuna kumudziwa bwino munthuyu, musaime pa December. Mverani Autumn kuti muone mmene amamangira nyimbo yaitali pa kachidutswa kamodzi, kenaka mverani chimbale choyamba chija, chimene chidatulutsidwanso ndi dzina lakuti Ballads and Blues 1972, ndi cha 2006 cha ku New Orleans, kuti mumve dzanja lamanzere likugwira ntchito yake yonse. Mukatero funafunani Fats Waller ndi Professor Longhair eni akewo. Poyeserera, patulani nthawi yoyimba ndi dzanja lamanzere lokha mpaka litatha kuyenda popanda kuliganizira, chifukwa woyimba kiyibodi amene adazolowera kuti makina ndiwo amugundire ng'oma ndi besi amapeza kuti dzanja limeneli ndi lofooka tsiku limene makinawo azimitsidwa. Mkulu wa mpingo uja mungamuyimbire imodzi mwa nyimbo za Khirisimasi za m'chimbalemo, kenaka mumufotokozere kumene dzina la "new age" lidachokera.

Zaka zomaliza za moyo wa Winston zinali za matenda. Adadwalapo khansa ya pakhungu ndi ya chithokomiro, kenaka adapezeka ndi nthenda ya m'mafuta a m'mafupa imene imalepheretsa thupi kupanga magazi abwino, ndipo mu 2013 madokotala a pachipatala cha City of Hope ku California adamuika mafuta a m'mafupa a munthu wina. Akuchira pachipatalapo ankayeserera pa piyano ya m'holo ya pomwepo, ndipo nyimbo zimene adapeka m'nyengoyo zidatuluka mu 2017 m'chimbale cha Spring Carousel, chimene phindu lake lidapita ku kafukufuku wa khansa pachipatala chomwecho. Adabwereranso pa nsanja, natulutsa Restless Wind mu 2019 ndi Night mu 2022. Adamwalira pa 4 June 2023 ku Williamsport, m'chigawo cha Pennsylvania, ali ndi zaka 74. Chaka chotsatira kudatuluka chimbale cha nyimbo zimene adasiya atajambula, ndipo dzina lake ndi Eastern Montana, dera la zidikha lija kumene kuli Miles City.